Mawu a Malemu mu Filimu ya ku Spain

Mlongo wanga Fanuel akamaikamba nkhaniyi amayambira pa maiki. Amati maiki yake idali yotchipa, yotola chilichonse, ngakhale nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba, ndipo zimene anthu a pa Mponela adamva mufilimu ija lidali phokoso wamba limene makutu a anthu amantha adalisandutsa mawu. Mkazi wake Esinta amayambira pa nsapato. Amati bambo ake adamwalira akufunsa nsapato zawo, ndipo adapitiriza kuzifunsa miyezi inayi ali m'manda, chifukwa mkamwini wawo adawapatsa poyankhulira. Ine ndidamva mbali zonse ziwiri, kobwerezabwereza, mpaka kutopa nazo. Ndikamba zimene ndikudziwa, ndipo pamene sindikudziwa ndinena kuti sindikudziwa.

Ntchito ya Fanuel ndi yoika mawu a Chichewa m'mafilimu akunja. Amakhala m'kachipinda kake atavala mahedifoni, filimu ikuyenda pa kompyuta, iye n'kumayankhulira aliyense wooneka pamenepo: msilikali, mtsikana, nkhalamba, nthawi zina ndi galu yemwe. Luso lotsanzira mawu adabadwa nalo. Tili ana ankabisala kuseri kwa kalasi n'kukalipira ochedwa m'mawu a ahedi, anawo n'kugwada pabwalo popanda wowagwaditsa. Akamaliza filimu amaipereka kwa Bonongwe, mwini vidiyo ya kuseri kwa msika, kuti ionetsedwe koyamba. Ikatero owotcha nyimbo amaikopera m'mamemori a anthu, ndipo imakafika kumene mwini wake sadapondeko.

Chaka chimene izi zidachitika kudabwera filimu yoopsa ya ku Spain. Idali ya anthu otsekeredwa m'nyumba yosanja, m'mene mudabuka nthenda yoti wodwala amaluma mnzake, wolumidwayo n'kudzuka kukaluma wina. Chimene chidagwira anthu mtima n'chakuti kamera idali m'manja mwa mmodzi wa otsekeredwawo. Akathawa chithunzi chinkagwedezeka, akabisala munkangomva kupuma kwake. Ambiri adakhulupirira kuti zidachitikadi, kuti wina adangotola kamerayo pambuyo pake. Pamsika padali mtsutso wa masiku ambiri. Ena ankati n'chiwewe cha agalu chalowa mwa anthu, ena ankati ndi ndondocha zapulumuka kwa mwini wake. Gawo loyambalo lidali ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, choncho Fanuel sadavutike nalo.

Gawo lachiwiri lidabwera lopanda cholembedwa chilichonse. M'nyumba muja mudalowa wansembe, mudaoneka mitanda, ndipo oluma aja, amene poyamba ankangobangula, adayamba kuyankhula. Zidaonekeratu kuti nthenda ija siidali nthenda, zidali ziwanda. Tsono Fanuel sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chisipanishi. Bonongwe ankafika m'mawa uliwonse kudzamuuza kuti anthu akufuna pati thuu, ndipo akachedwa amuyambirira anzake a ku Lilongwe. Kupeka si kwachilendo pa ntchitoyi. Anthu akamathawa umanena kuti thawani, akamalira umawalirira, nkhani n'kumayenda. Koma padali malo amodzi ovuta. Nkhalamba ina yogwidwa ziwanda idamangidwa pampando, ndipo idayankhula kwa wansembe uja kwa mphindi zinayi zathunthu, pang'onopang'ono, osakuwa. Fanuel adabwereza malowo kasanu, mutu uli mbee.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Bambo Kamtedza, bambo ake a Esinta, adamwalira mwezi wa Febuluwale m'nyumba ya Fanuel. Adachokera kumudzi kwawo kufupi ndi Madisi kuti akhale pafupi ndi chipatala, ndipo adagona milungu itatu m'chipinda choyandikana ndi kachipinda kojambulira mawu. Pakati padali thabwa lopyapyala basi. Masiku omaliza thupi lidatentha, ndipo adayamba kubwebweta. Ankatsokomola kawiri, chifuwa chouma, kenako n'kunena ndi mluzu wa munthu wopanda mano akutsogolo kuti, "Tsekani khola, ng'ombe zalowa m'tchalitchi." Koma chimene ankabwereza usana ndi usiku chidali chimodzi: "Ndani wandivula nsapato?" Nsapatozo zidali pansi pa bedi. Ankati akawaonetsa, iwo n'kuyang'ana kumbali n'kufunsanso.

Ndisamunamizire mlongo wanga. Apongozi akewo adawasamala. Ankawasambitsa, ankawabereka kumsana kukawakweza pa njinga yamoto, ndipo atamwalira adalira ngati mwana wobala. Iye amati sadakhale pansi n'kuganiza zowanyoza. Amati adayang'ana milomo ya nkhalamba ya mufilimu ija, adatsegula pakamwa, ndipo mawu amene adatuluka adali aja adawamva kudzera m'thabwa kwa milungu itatu. Adatsokomola kawiri, adaika mluzu uja, adanena za khola ndi za nsapato. Zidagwirizana ndi milomo ya nkhalambayo ngati zochita kuyeza. Adajambula kamodzi kokha, sadabwereze.

Filimuyo anthu adaikonda. M'vidiyo ya Bonongwe munkadzaza mpaka ena kukhala pansi. Pamene nkhalamba ija inkayankhula anthu ankaseka, kuseka kwa munthu amene akuopa. Sabata isadathe, a kabaza pa depoti adayamba kupatsana moni ndi mawu omwewo. Wina akafika, mnzake ankatsokomola kawiri n'kukuwa kuti ndani wandivula nsapato, onse n'kugwa ndi phwete. Esinta adawamva koyamba akuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu. Akuti adaima pakati pa msewu mpaka wa minibasi adamuimbira hutala.

Atafika kunyumba adafunsa modekha. "Bambo a Yankho, mawu amene akukuwa a kabaza aja ndi a ndani?"

"Ndi a munthu wa mufilimu."

"Munthu wa ku Spain amadziwa khola la kwa Kamtedza?"

Fanuel adayankha kuti ndi ntchito, kuti palibe amene akudziwa mwini mawuwo, kuti pakatha mwezi anthu aiwala. Adapepesa, koma kupepesa kwa munthu amene akufuna nkhani ithe. Esinta adamukumbutsa kuti m'meto wachiwiri, umene umatsekera maliro, udali usadachitike, ndipo munthu amene sadatsanzikidwe saitanidwaitanidwa. Fanuel adati zimenezo n'zakumudzi. Adakhala masiku atatu osayankhulana bwino. Zikadathera pomwepo, mwina ine sindikadaitanidwa.

Mufilimumo, nkhalamba ija ikangomaliza kuyankhula, wonyamula kamera amagwa, ndipo chithunzi chimada bii kwa kanthawi. Fanuel amalumbira kuti pamdima pamenepo sadanenepo kanthu, adapezerapo mpata womwa madzi. Tsiku lina masana Esinta akuchapa, mayi wa nyumba yoyandikana nayo adali kuonera filimuyo pa foni pakhonde. Mawu a bambo Kamtedza adamveka, Esinta adaluma mano n'kupitiriza kuchapa. Kenako kudali zii. Mkati mwa zii ameneyo mudamveka chifuwa kawiri, ndi mawu akuti, "Kambuzi, kunja kuno kwazizira."

Kambuzi ndi dzina limene bambo ake ankamuitana ali wamng'ono, chifukwa adali mwana waukali ngati tsabola. Lidasiya kugwiritsidwa ntchito asadathe pulayimale. Esinta amati sadamuuzepo mwamuna wake. Madzulo a tsiku lomwelo adabereka Yankho, mwana wawo wa zaka zinayi, napita kwa amayi ake. Adasiya uthenga woti m'nyumba imeneyo sabwereramo mpaka mwamuna wake atavomera chimene adachita.

Ine ndimaphunzitsa ku Kasungu. Amalume athu, amene ali nkhoswe ya Fanuel, adandiimbira foni kuti iwo zamakompyuta sazimva, ndipo popeza ine ndidapita ku koleji ndikaone chimene chili m'makinamo. Sukulu idali itatsekera, ndidapita. Ndidapita ndi mtima woti ndikamvetsera kamodzi, ndikauza wolakwa kuti walakwa, banja libwererane. Ndidakhalako masiku khumi ndi awiri.

Choyamba ndidamvetsera filimu ya pa kompyuta ya Fanuel, imene zina zonse zidachokerako. Pamdima paja padali kaphokoso ka shii, ndi china chonga munthu akumeza madzi. Mawu padalibe. Fanuel adapinda manja n'kundiyang'ana ngati wawina mlandu. Ndidapita kwa mayi woyandikana naye uja. Pa foni yake ndidamva chifuwa, chimenecho sindingakane, kenako china chake chotsika kwambiri. Mayiyo adati ndi dzina lija. Mwamuna wake adati iye akumva kuti madzi. Ine ndidabwereza mpaka khutu kutentha, ndipo nthawi iliyonse ndinkamva chimene munthu womaliza wandiuza.

Ndiye ndidaganiza zoyeza chinthu chimene makutu sangandinamize. Ndidatenga wotchi ya pa foni. Pa kompyuta ya Fanuel mdima uja udatenga masekondi makumi asanu. Pa foni ya mayi uja udatenga mphindi imodzi ndi masekondi khumi. Pa memori ya wa kabaza wina udapitirira mphindi imodzi ndi theka. Ndidafunsa owotcha nyimbo. Adati filimu ikamakoperedwa kambirimbiri ndi kuchepetsedwa kuti ikwane m'mafoni, imatha kumata pena ndi pena. Ndidavomera, chifukwa zimachitikadi. Koma ndidawafunsa chifukwa chake ikumata pamalo amodzi okhawo, ndipo adangoti mwina ndi mmene idabwerera. Patapita masiku anayi ndidayezanso pa foni ya mayi yemwe uja, imene siidakoperedwenso. Padaonjezekera masekondi asanu ndi awiri. Mwina chala changa chidachedwa kudina. Sindidayezenso kachitatu.

Vidiyo ya Bonongwe ndi nyumba ya malata yopanda zenera. Mukalowamo dzuwa lili paliwombo, chitseko chikatsekedwa, simuona ngakhale dzanja lanu. Ndidakhala pa benchi ya kumapeto. Anthu adaseka pa nsapato paja monga mwa masiku onse, ena kunenera limodzi. Kamera itagwa, m'nyumba monse mudada, ndipo kuseka kudazilala kokha. Palibe adasuntha. Ndidamva chifuwa kawiri. Sipika idali kutsogolo, koma chifuwacho ndidachimva kumanzere kwanga, kumene benchi idathera pakhoma. M'nyumba yodzaza anthu, fumbi lili tolo, aliyense angathe kutsokomola. Ndidadziuza zimenezo mpaka chithunzi chidabwerera.

Chitseko chitatsegulidwa padabuka kamkangano. Anthu atatu amene adavula masilipasi chifukwa cha kutentha adapeza mbali imodzi palibe. Bonongwe, osadabwa konse, adapita pakona ya kumanzere ija n'kubwera nawo onse atatu. Adati amawapeza pamenepo tsiku lililonse, atandandalikidwa bwinobwino, zala zitaloza kukhomo. Ndidamupempha kuti asiye kuonetsa filimuyo, ngakhale mpaka m'meto utadutsa. Adaseka.

"Aphunzitsi, mizimu sionera vidiyo. Ikadakhala kuti imabwera, bwenzi ndikuiuza ikhale kutsogolo, kumbuyo sikuoneka bwino. Awa ndi anthu achipongwe basi."

Ndidamufunsa ngati wachipongweyo adamugwirapo. Adati alibe nthawi. Koma ndidaona kuti iye mwini, munthu woyenda ndi masilipasi chaka chonse, adali atavala nsapato zazingwe, zomangidwa mfundo ziwiri. Mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomopo adandikoka chitenje ndikutuluka. Adati pali munthu wina wachikulire amene amamuona akutuluka pamodzi ndi gulu, koma sadamuonepo akulowa. Ndidamufunsa maonekedwe ake. Adati nkhope sadaiyang'anepo, iye amakhala pansi, amangoona miyendo. Mapazi ake ngopanda kanthu, ndipo ngoyera mbuu ngati a munthu woyenda ulendo wautali.

Zonsezi zidandikwiyitsa kuposa kundiopsa. Chilichonse chimene ndidagwira chidali ndi matanthauzo awiri. Dzina lija, mwachitsanzo. Esinta amanena zoona kuti sadamuuze mwamuna wake. Koma munthu wobwebweta milungu itatu kuseri kwa thabwa angathe kutchula dzina la mwana wake usiku, wina n'kulimva ali m'tulo, n'kulisunga osadziwa. Nditamuuza Fanuel zimenezi adakondwa. Nditamufunsa kuti nanga lidalowa bwanji m'foni ya eni pamene pa kompyuta yake palibe, adati ndasanduka loya wa mkazi wake. Nditapita kumudzi kukamufotokozera Esinta, adandimvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Alamu, magazi ndi magazi, simungamuweruze mlongo wanu." Aliyense adandiona ngati wa mbali inayo.

Ndidaganiza kuti mwina tikadziwa chimene nkhalamba ya mufilimu ija inkanenadi, mitima ingatsike. Pa mishoni ina m'boma lomwelo pali sisitere wokalamba wochokera ku Spain, amene amayankhula Chichewa kuposa ana anga a Fomu 4. Ndidapita ndi filimu yoyambirira, yopanda mawu a Fanuel. Adaonera atakwinya nkhope, nati anthu akwawo alibe zochita. Adati ndi sewero chabe, magaziwo ndi utoto, nyumbayo ndi yojambuliramo. Nkhalamba ija itayamba kuyankhula adatchera khutu. Adati zambiri n'zotukwana wansembe, sangazibwereze, koma pali mawu amodzi amene ikubwereza kasanu ndi kawiri.

"Ikuti, ndilibe pakamwa panga, ndibwerekeni panu."

Adaseka pang'ono, nati wolemba filimuyo adali ndi mutu wabwino. Kenako kamera idagwa, chithunzi chidada, ndipo adandiuza kuti ndizimitse, ali ndi odwala akumudikira.

Uthengawu sudathandize kanthu. Fanuel adati waona, ndi zolemba za munthu, ngakhale sisitere wanena. Esinta adati mwaona, chidapempha pakamwa ndipo adachipatsa. Ine pobwerera m'minibasi ndidadzifunsa kuti ngati chilipo chimene chidabwereka pakamwa pa mlongo wanga, n'chifukwa chiyani tonse tikungoganiza kuti ndi bambo Kamtedza. Funso limeneli sindidamufunse aliyense.

Fanuel adayesa kukonza zinthu m'njira yake. Adafufuta filimu ija pa kompyuta. Adayenda kwa owotcha nyimbo onse a pa Mponela kuwapempha kuti afufute, iwo n'kuvomera pamaso, iye atangotembenuka n'kupitiriza kukopera. Adajambulanso malo aja ndi mawu ena, a nkhalamba yopeka yokamba za mvula. Bonongwe adaionetsa tsiku limodzi, anthu adakuwa kuti tikufuna agogo a nsapato, ndipo mawa lake yakale ija idabwerera. Mnzathu wina adaimba foni kuchokera ku Salima kuti waionera m'basi. Apo mpamene ndidaona mlongo wanga akuyamba kuwonda. Mawu ake adasasa. Ankati n'chimfine.

Tsiku langa lachisanu ndi chinayi pa Mponela, cha m'ma thiri koloko masana, magetsi adali atazima kuyambira m'mawa. Ndidali pabalaza kusankha nyemba. M'nyumba mudali zii, moti ndinkamva malata akulira ndi dzuwa. Kuchokera m'kachipinda kojambulira kudamveka chifuwa kawiri. Kenako mawu aja, ndi mluzu wake womwe, osakweza, ngati munthu wofunsa za nyengo: "Esinta wafika?"

Ndidakhala ndi lichero pamiyendo kwa nthawi imene sindingaiyeze. Kenako mkwiyo udandidzutsa. Ndidakankha chitseko ndili wokonzeka kumutukwana chifukwa chosewera nane. Fanuel adali m'tulo pampando, mutu utagwera pambali, dovu likutsika. Kompyuta idali yozima. Ndidamugwedeza, adadzuka movutikira, ndipo nditamuuza adakana kuti sadanene kanthu. Ndidati munthu angathe kuyankhula kutulo, makamaka mawu amene wawazolowera, palibe chamanyazi, angovomera. Adati achemwali, nanunso mwayamba. Adaweramira pansi pa tebulo, adafufuza uku ndi uku, nafunsa m'mawu ake enieni ngati ndaona nsapato zake. Tidazipeza panja, pa sitepe, zitayang'ana kumsewu. Adaziyang'ana nthawi yaitali. Adati mwina adazivulira pomwepo. Tsiku limenelo sadadye.

M'meto udachitika Loweruka. Tidafika kumudzi m'mawa, ine, Fanuel ndi amalume. Achibale adametedwa pansi pa mtengo wa mango, tsitsi lidasonkhanitsidwa, anthu adadya. Dzuwa litapendeka ankhoswe a mbali zonse adakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, Esinta atakhala poteropo, mutu uli wometa, Yankho ali pamiyendo. Fanuel adayankhula bwino. Adapepesa chifukwa chotenga mawu a munthu wodwala n'kuwaika m'sewero, adati adalakwa, adafotokoza zonse zimene adayesa kuti afufute. Koma za mdima uja adabwerera pa maiki yake yotchipa. Ndidaona Esinta akuyang'ana kumbali, ndipo ndidadziwa kuti tabwera pachabe.

Amayi ake a Esinta, a Nankhoma, sadakhale nafe. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, choncho adali kuseri kwa mpanda wa udzu, tikungoona nsonga ya duku lawo. Amalume atayamba kumanga nkhani, mawu awo adatuluka kumpandako, otsika, olunjika kwa mkamwini wawo.

"Bambo, ndamva kuti a pa Mponela onse awamva amuna anga. A ku Salima awamva. Ine ndidakhala nawo zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo tsiku limene adapita ndidali kuno, ndikuyang'anira mbuzi. Foni ndilibe. Ndiyankhulireni kamodzi, ndiwamveko nanenso. Anene chilichonse."

Palibe adayembekezera zimenezo. Kukana pempho la apongozi pa tsiku lotere, pamaso pa abale awo, n'chipongwe chachikulu. Kuvomera kudali kuchita, pa tsiku lotsekera maliro, chinthu chomwecho chimene chidachotsa mkazi wake panyumba. Esinta adangotseka makutu a Yankho ndi manja ake awiri, maso ali pa mwamuna wake.

Fanuel adaweramitsa mutu. Ndidali pafupi naye, ndipo ndidaona kholingo lake likukwera ndi kutsika. Adatsokomola kamodzi, chifuwa chouma, chosakhala chake. Duku lija kuseri kwa mpanda lidasuntha. Chifuwa chachiwiri chisadatuluke, Fanuel adadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri, mwamphamvu, mpaka mitsempha ya m'khosi idaoneka. Mapewa ake adagwedezeka ngati munthu amene akulimbana ndi masanzi. Misozi idatsika pa zala zake. Tidadikira. Nkhuku zidadutsa pakati pathu, palibe adaziingitsa.

Atachotsa manja, mawu adali ake, osasa ndi aang'ono.

"Amayi, ndikhululukireni, sindingathe. Poyamba ndinkachita kuwaitana. Masiku ano akumabwera okha, ndipo ndikawatsegulira pano sindikudziwa ngati ndingawatsekerenso. Sindikudziwanso ngati ndi iwo."

Kenako a Nankhoma adati, "Basi, asiyeni agone," ndipo tidamva mapazi awo akulowera kukhitchini.

Sindinganene kuti tsiku limenelo lidatsimikiza kanthu. Munthu amene sadagone bwino mwezi wathunthu, amene chikumbumtima chikumudya, angathe kumva mawu akukwera pakhosi pake. Ndidaphunzira zimenezo, ndipo ndimazikhulupirira. Ndidalinso pamphasa paja, ndipo chifuwa chija ndidachimva. Filimu ija ikadali m'mamemori a anthu, ndipo wina adandiuza kuti mdima uja tsopano umapitirira mphindi zitatu. Sindidapite kukayeza. Fanuel adapitiriza ntchito yake, poti ndi imene amadyera, koma nkhalamba saziyankhuliranso. M'mafilimu ake aliyense amayankhula Chichewa kupatula okalamba, amene amangoyankhula chinenero chakwawo, oonera n'kumadandaula.

Madzulo a Loweruka lija, tikukonzeka kunyamuka, Esinta adandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Adati chimene ankafuna si kupepesa, ankafuna kuti mwamunayo asiye kumuyesa wamisala, ndipo wasiya. Adati abwerera, chifukwa munthu amene akulimbana ndi chinthu chotere sasiyidwa yekha m'nyumba. Koma adati pali chimodzi chimene wachiganiza, ndipo ndikamuuze mlongo wanga kuti asadzakhumudwe nacho.

Adabwerera Lolemba, ndi mwana ndi katundu wake. Papita zaka ziwiri. Fanuel akamuitana ali m'chipinda china, kaya ndi masana, kaya akungofuna madzi akumwa, Esinta sayankha. Amasiya chimene akuchita, amapita kukaima pakhomo, amamuyang'ana kumaso mpaka atakhutira, kenako amati, "Nenani tsopano, bambo a Yankho."